Diso lachiwiri pamwamba pa kamera

Mu 1999, makampani akuluakulu a makamera ali kalikiliki kukonzekera za digito, kampani ya Cosina ya ku Nagano m'dziko la Japan inatulutsa kamera imene ambiri anaiona ngati yosamalizidwa. Inali ya filimu, dzina lake Voigtländer Bessa L, ndipo inalibe posuzumira. Munthu akaiika kumaso, diso linkangokumana ndi msana wakuda wa kamerayo. Inalibenso chipangizo choyezera mtunda. Inali ndi shata, mita yoyezera kuwala, mazinga omangirapo lenzi, ndi kangalande kachitsulo pamwamba, basi. Malenzi awiri amene anatuluka nayo limodzi, ya mamilimita 15 ndi ya mamilimita 25, iliyonse inkabwera ndi kazenera kakekake kosuzumira, kamene munthu ankakalowetsa m'kangalande kaja n'kuima kuti njo pamwamba pa kamera.

Sikunali kupenga. Eni kampaniyo anangotsitsimutsa chizolowezi chimene ojambula zithunzi anali nacho kuyambira zaka za m'ma 1930, ndipo anadziwa kuti munthu wogwiritsa ntchito lenzi yotambalala chotere alibe nalo ntchito zenera lomangiriridwa m'kamera, poti zeneralo silingamuonetse ngakhale theka la zimene zikulowa pa filimu. Lero aliyense wa foni yamakono amajambula ndi lenzi yotambalala osadziwa n'komwe. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri imaona ngati lenzi ya mamilimita 24 kapena 26, ndipo ija mumadina pamene palembedwa 0.5 imafika cha pa 13. Kusiyana kwake n'kwakuti foni imakuonetsani chithunzi chonse pasikirini musanajambule. Kamera yakale ya mtundu wa rangefinder sichita zimenezo, ndipo pamenepa mpamene pagona luso lonse.

Kamera yosaona chimene lenzi ikuona

Pa kamera ya rangefinder, diso la wojambula silidutsa mu lenzi. Limayang'ana pa zenera lina lapambali, ndipo pakati pa zeneralo pamakhala kachigamba kowala kamene kamaonetsa chinthu chimodzi kawiri. Chithunzi chachiwiricho chimachokera pa kazenera kena kamene kali patali pang'ono ndi koyamba, kudzera pa kagalasi kotembenuka. Mukamazunguza lenzi, kagudumu kali mkati mwa kamera kamakankhidwa, kagalasi kaja n'kutembenuka, mpaka zithunzi ziwirizo zitalumikizana kukhala chimodzi. Zikatero fokasi yakhala. Njirayi ndi yachangu, imagwira ntchito ngakhale kukuda, ndipo pa lenzi yotambalala ndi yolondola kuposa diso la munthu amene akuyesa kuona ngati chithunzi chayera.

Vuto lake ndi limodzi. Zenera lija linapangidwa kuti lionetse malo a kukula kwakutikwakuti, ndipo silisintha mukasintha lenzi. Pa filimu ya mamilimita 35, imene chithunzi chake chimakhala mamilimita 24 m'lifupi ndi 36 m'litali, lenzi ya 50 imaona pafupifupi madigiri 47 kuchoka pa ngodya ina kufika pa inzake. Ya 35 imaona 63, ya 28 imaona 75, ya 21 imapitirira pang'ono 90, ya 15 imafika 110. Nambala ikamachepa, dziko limalowa lambiri. Mukamanga lenzi ya 21 pa kamera imene zenera lake ndi la 50, mukuona kachigawo kapakati kokha. Mwana amene waima kumanzere, galu wagona kumanja, ngakhale chithunzithunzi chanu chomwe chagwa pansi, zonsezo zikulowa pa filimu inu osaziona.

Leica yoyamba, imene Oskar Barnack anakonza ku kampani ya Ernst Leitz ku Wetzlar n'kuyamba kugulitsidwa mu 1925, inali ndi lenzi imodzi yosachotseka, choncho nkhaniyi panalibe. Inayamba mu 1930 pamene malenzi anayamba kuchotseka ndipo panabwera Elmar ya mamilimita 35. Kenako mpikisano unakula. Zeiss Ikon ya ku Dresden inatulutsa Contax mu 1932, ndipo posakhalitsa inaipangira Tessar ya 28 imene kabowo kake kolowetsa kuwala kankangofika f/8, yakuda kwambiri moti inkafuna dzuwa kapena choimikirapo kamera cha miyendo itatu. Leitz inayankha mu 1935 ndi Hektor ya 28, f/6.3. Malenzi onsewa ankafuna kazenera kapadera. Pa ma Leica a nthawi imeneyo, poyezera mtunda ndi posuzumira anali mabowo awiri osiyana, ndiye munthu akaonjezera kazenera ka pamwamba ankakhala ndi mabowo atatu oti diso limodzi liziyendamo.

Timazenera timeneti tili ndi maina odabwitsa amene osonkhanitsa zinthu zakale amawatchula ngati akutchula abale awo. Leitz inkapatsa katundu aliyense dzina la zilembo zisanu kuti ogulitsa aziitanitsa mosavuta pa telegalamu. VIDOM kanali kazenera kosintha kukula, koma kankaonetsa zinthu mobwerera, chakumanja n'kukhala kumanzere. VIOOH kanakonza zimenezo. SBLOO ndi ka 35, SLOOZ ka 28, SBKOO ka 21.

Mu 1954 kunabwera Leica M3, imene anthu ambiri mpaka lero amati zenera lake silinapezeke lolipambana. Linkaonetsa zinthu pafupifupi pa kukula kwake kwenikweni, ndipo mizere yowala yosonyeza malire a chithunzi inkasintha yokha munthu akamanga lenzi ya 50, 90 kapena 135. Koma pa 35 panalibe malo. Njira imene anaipeza inali yoseketsa kuiona: lenzi ya 35 inkabwera itavala timagalasi tiwiri pamwamba, timene tinkaphimba mazenera a kamera n'kuchepetsa zooneka kuti mizere ya 50 ikwane 35. Zinkagwira ntchito, koma kamera inkalemera ndipo inkaoneka ngati yavala mandala. M2 imene inatsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 inachepetsa kukula kwa zooneka kuti mizere ya 35 ilowe, ndipo atolankhani anaikonda chifukwa cha chimenecho. Mizere ya 28 inadikira mpaka M4-P, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980.

A ku Japan anayenda njira zawo. Nikon SP ya 1957 inali ndi mazenera awiri oyandikana mkati mwa kamera momwemo, lina la malenzi a 50 kupita m'mwamba, lina laling'ono la 28 ndi 35. Kunena zoona, nzeru imeneyi inaposa ya a Leitz pa nthawiyo. Canon inkaika kachitsulo kakang'ono m'kangalande ka makamera ake ena a zaka za m'ma 1950, kamene kankaweramitsa kazenera ka pamwamba kokha munthu akamachita fokasi pafupi. Koma Canon yomweyo mu 1961 inatulutsa Canon 7 yopanda kangalande n'komwe, chifukwa malo ake anatengedwa ndi mita. Wofuna lenzi ya 28 kapena yotambalala kuposa apo ankagulanso chomangira china chapadera, mpaka 7s ya 1965 inabwezeretsa kangalandeko.

Chimene amavutikira

Munthu angafunse kuti, nanga bwanji osangotenga kamera ya kalilole, ya mtundu wa SLR, imene imaonetsa ndendende zimene lenzi ikuona? Yankho lili kumbuyo kwa lenzi.

M'kamera ya SLR, pakati pa lenzi ndi filimu pamakhala kalilole amene amanyamuka nthawi yojambula, ndipo amafuna malo. Pa Nikon F, kuchoka pomangira lenzi kufika pa filimu ndi mamilimita 46.5. Pa Leica ya mazinga ndi 28.8, pa Leica M ndi 27.8, ndipo mkatimo mulibe chotchinga, choncho galasi lakumbuyo likhoza kulowa mpaka kutsala pang'ono kukhudza shata. Lenzi ya mamilimita 21 mwachibadwa imafuna kukhala pafupi ndi filimu. Kuti igwire ntchito pa SLR, pamafunika kuipusitsa: kuika galasi lalikulu kutsogolo limene limaikankhira patali. Pierre Angénieux wa ku France ndiye anayamba kugulitsa lenzi yotere ya makamera a filimu ya 35 mu 1950, n'kuitcha Retrofocus. Inatsegula njira, koma malenzi oyambirira a mtunduwu anali aakulu, ndipo mizere yoongoka ankaipinda, khoma n'kumaoneka ngati latupa.

Malenzi a rangefinder analibe chifukwa chopusitsira kuwala. Magalasi akutsogolo ndi akumbuyo ankakhala ofanana kapangidwe, moyang'anizana, kabowo ka kuwala kali pakati, ndipo zolakwika za mbali ina zinkafafanizidwa ndi mbali inayo. Nzeruyi inakulira m'ntchito yojambula mapu kuchokera m'ndege, kumene mzere ukapindika pang'ono malire a munda amasuntha. Mikhail Rusinov wa ku Leningrad anapanga malenzi a Russar pa ntchito imeneyi, ndipo anapeza njira yochepetsera mdima wa m'ngodya. Ludwig Bertele, yemwe anapanga lenzi ya Sonnar, atasamukira ku Switzerland nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha anapanga Aviogon ya makamera a m'ndege, kenako Biogon ya 21, f/4.5 imene Zeiss inatulutsira Contax mu 1954. Chaka chomwecho Hasselblad inatenga Biogon ya 38 n'kuimangira kamera yakeyake yopanda kalilole, yokhala ndi kazenera pamwamba. Leitz inalibe lenzi yake yofika pamenepo, ndiye inagwirizana ndi Schneider, n'kutulutsa Super-Angulon ya 21, f/4 mu 1958 ndi ya f/3.4 mu 1963.

Umboni woti njirayi inali yopambana pa nthawiyo unachokera kwa opikisana nawo. Nikon F itatuluka mu 1959, kamera imene inadzagwetsa msika wa ma rangefinder, lenzi yake ya 21 inali ya kapangidwe komweka. Kuti munthu aimange ankayamba wakweza kalilole n'kumutsekera m'mwamba, zenera la kamera n'kuda bii, kenako n'kuveka kazenera kapadera pamwamba. SLR yotchuka ija inkasanduka Leica yolemera.

Kuti mumvetse bwino, tengani Jupiter-12, lenzi ya 35, f/2.8 imene mafakitale a Soviet Union anapanga zaka zambiri potengera Biogon ina yakale, ya nkhondo ija isanayambe. Ndi yotsika mtengo ndipo imapezeka mosavuta. Mukaiona itamangidwa pa Zorki kapena pa Kiev, makamera a dziko lomwelo, imaoneka yaing'ono, galasi lakutsogolo litabisala mkati mwenimweni, ndipo kuti musinthe kabowo ka kuwala mumapisa chala kutsogoloko n'kuzunguza mkombero wosalira n'komwe. Mukaimasula ndiye mumaona chinsinsi chake: kumbuyo kuli chigalasi chotundumuka ngati theka la dzira, chopanda chotetezera, chachikulu kuposa chakutsogolo. Simungaikhazike pa tebulo chakumbuyo. Chivindikiro wamba sichikwana, chimafunika chakuya, ndipo ambiri mwa malenziwa amene ali pa msika lero ali ndi zipsera pa galasi limenelo chifukwa eni ake anataya chivindikirocho.

Chigalasi chimenechi sichilowa m'kamera iliyonse. Contax IIa imene Zeiss inapanga ku Stuttgart kuyambira 1950 inakana Biogon yakale ya kampani yomweyo, moti anachita kupanga ina. Leica M5 ya 1971 ndi Leica CL ya 1973 zili ndi kamkono konyamula diso la mita kamene kamaima kutsogolo kwa shata, ndipo lenzi yolowa mkati imakagunda. Pa M6, Super-Angulon imalowa bwinobwino koma imatchinga mita, ndiye manambala amene imapereka ndi abodza. Musanamange lenzi yotere pa kamera yachilendo, tsegulani kumbuyo, ikani shata pa B, ipanikizeni kuti ikhale yotsegula, ndipo muziona ndi maso pamene mukulowetsa lenziyo pang'onopang'ono fokasi ili patali penipeni, poti mpamene galasi limalowa kwambiri. Mukamva kukhula, lekani pomwepo.

Mtengo wina umene mumalipira ndi mdima wa m'ngodya. Kuwala kopita m'mbali mwa filimu kumayenda mtunda wautali ndipo kumafika mopendekeka, choncho kumafooka. Pa lenzi wamba ya madigiri 90, ngodya ikhoza kulandira gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a kuwala kwa pakati. Hologon ya Zeiss, ya 15, f/8, imene inapangidwiranso Leica mu 1972, inkabwera ndi fyuluta yakuda pakati yoyera m'mbali kuti zifanane. Pa filimu yopanda mitundu mdimawu sindiuona ngati chilema. Umakokera diso pakati ndipo umalemeretsa thambo. Jeanloup Sieff, wojambula za mafashoni wa ku Paris, anamanga dzina lake pa Super-Angulon ya 21: mitambo yakuda, miyendo yotalika, nthaka yoyambira pa mapazi a woonera.

Mazenera awiri, diso limodzi

M'mabuku, kajambulidwe kake ndi kosavuta. Yang'anani m'zenera la kamera, lumikizani zithunzi ziwiri zija, kwezani diso ku kazenera ka pamwamba, konzani malire, dinani. Pa msewu zimavuta. Pamene diso likusamuka, munthu uja wasuntha kale. Choopsa china n'chakuti kazenera ka pamwamba kamaonetsa zonse zili ngwee nthawi zonse, kaya fokasi ili pa mita imodzi kaya ili kuphiri, kaya chivindikiro chili pa lenzi. Palibe wogwiritsa ntchito makamerawa amene sadziwa nkhani ya chivindikiro. Koma osachitaya, chifukwa lenzi yosavindikira ikayang'ana dzuwa imabowola nsalu ya shata ya Leica kapena Zorki m'kanthawi kochepa.

Amene anazolowera sachita fokasi pa chithunzi chilichonse. Amadalira kuti lenzi yotambalala imayeretsa zinthu zapafupi ndi zapatali nthawi imodzi. Masamu ake ndi awa. Pa f/8, lenzi ya 50 muyenera kuiika pa mamita pafupifupi 10 kuti zinthu ziyere mpaka kumapeto kwa dziko, ndipo chapafupi kwambiri chimene chingayere chili pa mamita 5. Ya 28 mukaiika pa mamita atatu ndi pang'ono, zonse kuyambira pa mita imodzi ndi theka zayera. Ya 21 mukaiika pang'ono kusafika mamita awiri, mwatenga zonse kuyambira pa mita imodzi. Ya 15 ndiye fokasi n'kungotaya nthawi. Manambalawa simuchita kuloweza, alembedwa pa lenzi pomwepo: timizere tiwiritiwiri tokhala ndi 4, 8, 11, 16 mbali zonse za chizindikiro cha pakati. Ikani chizindikiro cha patali penipeni moyang'anizana ndi 8 wa mbali imodzi, 8 wa mbali inayo akuuzani pamene kuyera kukuyambira. Langizo langa n'lakuti ngati mudzafuna kutsukitsa chithunzi chachikulu, werengani timizere ta 5.6 pamene kabowo kali pa 8, chifukwa opanga malenzi akale ankaganizira zithunzi zazing'ono.

Kukhululuka komweku ndi kumene kumalola kusakaniza zinthu za makampani osiyana. Contax ndi Nikon ya rangefinder zili ndi pomangira pofanana maonekedwe koma kayezedwe ka mtunda n'kosiyana pang'ono. Pa lenzi ya 85 kapena 135 kusiyanako kumaononga chithunzi, pa 35 kapena 21 sikuoneka. N'chimodzimodzi malenzi a Soviet pa Leica.

Tsopano parallax. Tambasulani mkono, imikani chala, tsinzinani diso limodzi kenako linalo: chala chimadumpha. Kazenera kali pamwamba pa lenzi ndi masentimita asanu kapena kuposerapo, ndiye ziwirizi zimaona dziko kuchokera malo osiyana. Patali kusiyanako kulibe kanthu. Pa mita imodzi, lenzi ya 21 imatenga malo otalika kupitirira mita kuchoka pansi kufika pamwamba, choncho masentimita asanuwo ndi gawo limodzi mwa magawo makumi awiri. N'zochepa, koma n'zokwanira kudula chipewa cha munthu amene munamuika m'mphepete. Timazenera tambiri tili ndi kamzere kodukaduka chakumtunda kosonyeza pamene malire amatsikira mukayandikira, tina tili ndi kagudumu koweramitsira. Anthu ambiri amaiwala kukabwezera kagudumuko, n'kujambula tsiku lonse kazenera kataweramira pansi.

Pali mbali ina ya parallax imene kamzere kapena kagudumu sikangakonze, ndipo ndi imene imapweteka kwambiri pa lenzi yotambalala. Chithunzi chabwino cha lenzi yotere chimakhala ndi chinthu pafupi ndi china patali, ndipo mphamvu yake ili pa mmene ziwirizo zakhalirana. Tiyerekeze kuti mukujambula kudzera pa mpanda wa waya, ndipo m'kazenera mwaika nkhope ya munthu pakati pa mawaya awiri. Lenzi ili m'munsi, ndiye kwa iyo waya wakwera n'kudutsa pa maso a munthuyo. Kuweramitsa kazenera kumangosuntha malire, sikusintha pamene diso laima. Mankhwala ake ndi amodzi: mukamaliza kukonza chithunzi, kwezani kamera yonse masentimita asanu aja osaipendeka, kuti lenzi ifike pamene panali kazenera. Mumadina osaona. Poyamba zimachititsa mantha, kenako dzanja limazolowera.

Kupendeka ndi nkhani inanso. Lenzi ya Biogon siipinda mizere, koma mukaloza kamera m'mwamba pang'ono, makoma a nyumba amagwera mkati, mukailoza pansi amatseguka. Kazenera sikathandiza kwenikweni, poti timagalasi take tomwe timapinda mizere kuposa lenzi, ndiye chimene mukuona chopindika m'kazenera, pa filimu chidzatuluka choongoka. Ojambula nyumba amaika kabotolo ka madzi koyezera levulo pamwamba, monga amachitira amisiri omanga. Kamera ya Hologon ya Zeiss Ikon inali nako kooneka m'zenera momwemo, komanso chogwirira chapansi kuti zala za wojambula zisalowe m'chithunzi. Ndipo nkhope ya munthu isakhale m'ngodya, chifukwa zinthu zozungulira zimatambasuka kumeneko, mutu n'kutalika chammbali. Si vuto la lenzi, ndi mmene zimakhalira pokhazika dziko lotambalala pa pepala lafulati.

Garry Winogrand, amene anajambula misewu ya New York ndi Leica M4 ndi lenzi ya 28, sanalimbane nako kupendekako. Zithunzi zake zambiri n'zopendekeka mwadala, msewu ukutsetsereka, koma munthu kapena mzati umodzi umene iye anausankha uli chilili. M4 ilibe mizere ya 28, ndipo liwiro limene ankajambulira silinkalola kuyeza m'mphepete. Ankadziwa ndi thupi lake pamene lenziyo ikuthera. Kudziwa kumeneko kunadya filimu yosaneneka: pomwalira mu 1984 anasiya mipukutu pafupifupi 2,500 yosatsuka.

Kazenera kabwino n'kotani

Ambiri amaononga ndalama zonse pa lenzi, kazenera n'kugula kotsala. Ine ndimaona kuti n'kulakwitsa, chifukwa chithunzi chimabadwira m'kazeneramo. Timazenera tabwino ndi ta mizere yowala, timene timaonetsa malo ochuluka kuposa chithunzi n'kujambula malire ake ndi mzere woyera woyandama. Mumaona munthu asanalowe m'chithunzi, n'kumudikira. Kapangidwe kofala ka mtunduwu kamadziwika ndi dzina la Albada, msilikali wa ku Netherlands amene anakatulukira, ndipo chofooka chake n'chakuti mizere imazilala mukayang'ana kumene kuli mdima inu muli poyera, komanso siliva wake amasuluka ndi zaka. Timazenera takale kwambiri tilibe mizere, malire ake ndi mdima wosalongosoka umene umasuntha diso likasuntha.

Palinso kazenera ka mgolo wozungulira kamene fakitale ya KMZ ku Krasnogorsk inapanga potengera ka Zeiss, kokhala ndi maso asanu: 28, 35, 50, 85 ndi 135. N'kolondola, kotsika mtengo, ndipo n'kosangalatsa kuseweretsa. Koma zooneka zake n'zazing'ono ngati mukuyang'ana mu paipi, kamakola zingwe ndi zovala, ndipo mkombero wake wachitsulo umakanda mandala a maso. Pa miyendo itatu n'kabwino. Pa msewu, ayi. Wovala mandala ayesenso ngati akutha kuona ngodya zinayi zonse osayendetsa mutu, poti timazenera tina ta 21 timafuna diso likhudze galasi.

Nthawi zina kazenera sikafunika. Pa M2 kapena M4, zenera lonse mpaka m'mphepete mwake limayandikira 28, ndipo ambiri amangogwiritsa ntchito lomwelo. Kazenera ka 21 pa lenzi ya 25, kapena ka 28 pa lenzi ya 25, kamagwiranso ntchito mukadziwa mbali imene kakunama. Chimene simungachinyalanyaze ndi phazi lake. Likakhala lokhwepa m'kangalande, kazenera kamaloza chammbali kapena kugwa osamva, ndipo kapepala kopinda kolowetsa pansi pake kapulumutsa timazenera tambiri. Kumbukiraninso kuti kangalande ndi kamodzi: mukaikapo kazenera, fulashi ndi mita zasowa pokhala.

Kuti mudziwe mmene kazenera kanu kamanamira, simufunika kuononga filimu ngati kamera yanu imatseguka kumbuyo. Ikhazikeni pa miyendo itatu moyang'ana khoma la njerwa kapena shelefu ya mabuku, pa mamita atatu. Matani kapepala kopyapyala koonekera pa njanji zimene filimu imadutsa, tsegulani shata pa B, fundani nsalu yakuda. Pa kapepalapo padzaoneka chithunzi chozondoka, chofooka, koma malire ake ndi enieni. Werengani njerwa ya kumapeto mbali zonse zinayi, kenako yang'anani m'kazenera muwerengenso. Kawirikawiri mudzapeza kuti filimu ikutenga zambiri kuposa mizere, chifukwa opanga amasiya mpata dala. Bwerezani pa mita imodzi. Ma Leica a mazinga satseguka kumbuyo, filimu imalowera pansi, ndiye pamenepo palibe kuchitira mwina koma kupereka mpukutu umodzi ku khomalo.

Chifukwa chake zimakhalabe pa filimu

Malenzi olowa mkatiwa anayamba kuchepa kalekale digito isanabwere. Leica inasiya Super-Angulon n'kutulutsa Elmarit ya 21, f/2.8 mu 1980, ya kapangidwe kokankhira galasi patali, yaikulupo, yosatchinga mita. Digito inangomaliza. Filimu ilibe tsankho pa kumene kuwala kwachokera: kufike moongoka, kufike mopendekeka, mchere wa siliva umakulandira. Sensa ili ndi magalasi otchinga pamwamba pake ndi timaenje tating'onoting'ono tolandira kuwala, ndipo kuwala kobwera chammbali kumaphonya kapena kulowa m'dzenje la mtundu wina. Zotsatira zake ndi ngodya zosayera ndi m'mbali mofiirira kapena mobiriwira. Leica inalimbana nazo pa M8 ya 2006 pochepetsa kukula kwa sensa, kusuntha timagalasi ta pa timaenje ta m'mbali, ndi kulemba timadontho sikisi takuda ndi toyera kumbuyo kwa lenzi kuti kamera idziwe yamangidwa iti n'kukonza mitundu. M9 ya 2009 inafika pa kukula kwa filimu, koma malenzi akale a 21 olowa mkati ankaipatsabe m'mbali mofiira. Pa makamera a makampani ena, amene magalasi a pa sensa ndi okhuthala, zimaipiraipira. Choncho amene ali ndi Biogon ya 1954 kapena Russar ya 20 ndipo akufuna kuona zonse zimene lenziyo ingathe, amagulabe mpukutu wa filimu, n'kufunafuna kazenera kolingana nayo, kamene masiku ano nthawi zina kamadula kuposa kamera imene akukavekapo.